Fomu ya pafoni ikalakwa, wovutika ndi mlimi

Tiyerekeze kuti kalabu ya alimi a soya ndi chimanga ku Chamama, chakum'mawa kwa tauni ya Kasungu, yatipempha ife ophunzira kuti tiikonzere fomu yolembera mamembala pafoni. Ntchitoyo ikuoneka yaing'ono: dzina, nambala ya chitupa cha unzika, nambala ya foni, mudzi, kukula kwa munda ndi matumba a feteleza amene munthu akufuna pangongole. Tsiku limodzi lokha tamaliza. Patapita mwezi, mayi wina alipira kabaza kukatenga feteleza wawo, koma abwezedwa chifukwa nambala ya pachitupa chawo siikugwirizana ndi ya m'kaundula. Mvula inagwa kale, ndipo chimanga chayamba chikasu. Chinachitika n'chakuti wolemba anaika chilembo O pamalo pa ziro, fomu yathu n'kungolandira.

Mavuto otere sakhala kutali nafe, chifukwa kalembera wambiri m'dziko muno wasamukira pafoni ndi patabuleti. Mu 2017 bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni kuti alandire zitupa za unzika. Kalembera wa anthu ndi nyumba wa 2018 anachitika ndi matabuleti. Mu 2020, alimi ogula zipangizo zotsika mtengo za AIP anayamba kuzindikiridwa ndi chitupa chomwechi. Choncho amene akukonza fomu ayenera kudziwa zinthu ziwiri: mtundu wa yankho loyenera m'kabokosi kalikonse, ndi malamulo osefera yankholo lisanasungidwe.

Kabokosi kalikonse ndi mtundu wake

Kompyuta siiona mayankho monga momwe ife timawaonera. Tiyenera kuiuza ngati chimene chikubwera ndi mawu, nambala yowerengera, tsiku, kapena chosankha pamndandanda. Ophunzira za makompyuta amachitcha data type. Funso lothandiza posankha ndi ili: kodi yankho limeneli tidzaliphatikiza kapena kulichotsera?

Matumba a feteleza timawaphatikiza, ndiye kabokosi kake kakhale ka nambala yathunthu. Kukula kwa munda kumafuna nambala yolola kadontho, chifukwa alimi ambiri amalima ekala imodzi ndi theka. Kabokosi kakakana 1.5, wolemba amaika 1 kapena 2, mwinanso 15, ndipo kalabu imaitanitsa mbewu yolakwika.

Nambala ya foni siiwerengeredwa, ngakhale ili ndi manambala okhaokha. Manambala a foni zam'manja kuno ali ndi madijiti 10 ndipo amayamba ndi ziro, monga 099 ku Airtel ndi 088 ku TNM. Tikaisunga ngati nambala yowerengera, mapulogalamu monga Excel amachotsa ziro woyambayo. Tiisunge ngati mawu. N'chimodzimodzi ndi nambala ya chitupa cha unzika, imene imasakaniza zilembo ndi manambala.

Tsiku nalo lili ndi msampha wake. Kwa ife 04/05/1988 ndi pa 4 Meyi, koma kompyuta yotcheredwa Chimereka imawerenga kuti ndi pa 5 Epulo. Njira yabwino ndi yakuti munthu asankhe tsiku pakalendala, kapena tsiku, mwezi ndi chaka zikhale ndi timabokosi tosiyana, mwezi ukuoneka ndi dzina lake.

Mudzi usalembedwe pamanja ngati tingathe kuupanga mndandanda. Alembi atatu amalemba mudzi umodzi m'njira zitatu, ndipo powerengera umasanduka midzi itatu. Mndandanda wotsatizana umathetsa zimenezi: munthu akasankha Kasungu, fomu imaonetsa mafumu aakulu a m'bomali monga Kaomba, Wimbe, Lukwa ndi Santhe, akasankha mmodzi, imaonetsa magulupu ake, kenako midzi.

Tisaiwale muyeso. Mlimi amayankha m'maekala pomwe malipoti ambiri a zaulimi amalembedwa m'mahekitala, ndipo hekitala imodzi ndi maekala pafupifupi 2.47. Kabokosi kongoti “kukula kwa munda” kamasakaniza ziwirizi popanda wodziwa. Cholakwa chotere chimagwetsa ngakhale akatswiri: mu 1999 bungwe la NASA linataya chombo cha Mars Climate Orbiter chifukwa gulu lina linawerengera ndi miyeso ya mapaundi pomwe lina linkayembekezera miyeso ya metiriki. Funso lathu linene poyera kuti “maekala angati?”, ndipo kompyuta isinthe yokha kupita ku mahekitala.

Kusefa yankho munthu akadali pompo

M'mera mpoyamba. Cholakwa chogwidwa mlimi akadali chiimire pamaso pa wolemba chimakonzedwa m'masekondi ochepa. Chogwidwa patapita mwezi chimadya ndalama ya ulendo ndi tsiku lonse la kumunda. Ndiye chifukwa chake fomu yabwino imasefa mayankho nthawi yomweyo, ntchito yotchedwa validation.

Kusefa koyamba ndi kwa maonekedwe. Nambala ya foni ikhale ndi madijiti 10 kuyambira pa ziro, kapena iyambe ndi +265 popanda ziroyo. Fomu ilandire zonse ziwiri n'kuzisunga m'njira imodzi. Nambala ya chitupa ndi bwino kuijambula ndi kamera pa kachizindikiro ka kuseri kwa chitupacho. Ngati n'kosatheka, wolemba ailembe kawiri, fomu iyerekeze.

Kwachiwiri ndi kwa malire. Munda sungakhale maekala 0, ndipo tsiku lobadwa silingakhale la mawa. Kwachitatu ndi kuona ngati mayankho akugwirizana: mlimi wa theka la ekala akapempha matumba 20 a makilogalamu 50, pali chimene chalakwika. Kwachinayi ndi kuletsa munthu mmodzi kulembedwa kawiri, ndipo apa tidalire nambala ya chitupa osati dzina, popeza m'mudzi umodzi a Banda ndi a Phiri ofanana mayina amapezeka ambiri.

Uthenga wa cholakwa ukhale womveka. Mawu akuti “Invalid input” sathandiza aliyense. Tilembe kuti: “Nambala ya foni ikhale ndi madijiti 10. Mwalemba 9.”

Sefa yothina imatayanso ufa

Pali ngozi ina imene ife ophunzira timagweramo chifukwa cha changu: kukhwimitsa malamulo mpaka kutsekereza anthu oona. Tikalamula kuti dzina likhale ndi zilembo za A mpaka Z basi, a Ng'oma ndi a Ng'ambi sadzalembedwa, ndipo chilembo ŵ chidzakanidwa. Tikakakamiza nambala ya foni, agogo opanda foni adzapatsidwa nambala ya wolembayo, ndipo uthenga wa ngongole udzapita kwa munthu wolakwika. Tikakakamiza tsiku lenileni lobadwa, alembi adzangodzaza 1 Januwale kwa onse amene amakumbukira chaka chokha. Fomu ikakana choonadi, anthu amaipatsa bodza kuti ipitirire.

Choncho tisiyanitse kukana ndi kuchenjeza. Chosatheka, monga pa 31 Febuluwale, fomu ikane. Chachilendo koma chotheka, monga munda wa maekala 30 m'dera la maesiteti ngati Kasungu, fomu ingofunsa kuti “Mwatsimikiza?” Pakhale mwayi wosankha “alibe foni”, “chaka chokha” ndi “mudzi wina”.

Tifunsenso zokhazo zimene kalabu idzagwiritsa ntchito. Kuyambira 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act, ndipo nambala ya chitupa cha munthu si chinthu chotumizirana m'magulu a WhatsApp.

Tisanaitulutse

Zida zilipo, zina zaulere. KoboToolbox ndi ODK zimalola kuika mitundu ya mayankho ndi malamulo onsewa, ndipo zimagwira ntchito popanda netiweki n'kutumiza pambuyo pake, zimene ndi zofunika m'midzi yozungulira Chamama. Google Forms ndi yosavuta koma imafuna intaneti podzaza.

Chida chilichonse chimene tasankha, fomu tiiyese kaye. Tiyambe tokha poidzaza molakwitsa dala: zilembo m'kabokosi ka manambala, tsiku la chaka chamawa, munthu mmodzi kawiri. Kenako tipite nayo kwa mlangizi wa zaulimi ndi alimi asanu kapena khumi, tiwasiye adzaze, ife tikuyang'ana osawathandiza. Pamene aima n'kukanda mutu, funso limenelo ndi lofunika kulikonzanso. Mfundo zomwezi zigwira ntchito mlembi wa mpingo akatipempha fomu ya kaundula wa mamembala kapena ya olembetsa ku msonkhano wa misasa.

Tikabwerera kwa mayi a ku Chamama aja, chimene chikanawapulumutsa ndi lamulo limodzi lotenga mphindi zochepa kuliika: kujambula chitupa, kapena kulemba nambala kawiri. Tikanatero, feteleza wawo akanathiridwa pa nthawi yake.