MAGETSI A PAMUDZI: TIDIKIRE BOMA KAPENA TIDZIPANGIRE TOKHA?

Alimi anzanga, sabata ino tikambirane za magetsi, pakuti chigayo, mpope wothirira dimba ndi nyale yowerengera ana zonse zifuna mphamvu imeneyi.

Ku America ndi ku Britain kuli anthu ophunzira otchedwa ma libertarian. Mmodzi wotchuka mwa iwo anali Bambo Milton Friedman wa ku Chicago, amene anamwalira mu 2006. Iwowa amati Boma lisamathire ndalama pa magetsi kapena pa mafuta pofuna kutsitsa mtengo. Akuti ndalamazo zichokera mu msonkho wa anthu onse, koma wopindula ndi yekhayo amene waya anafika kale pakhomo pake. Motero mlimi wounikira koloboyi athandiza kulipirira getsi la munthu wa m'tauni. Amatinso aliyense wofuna kupanga magetsi ndi kugulitsa kwa anansi ake aloledwe, kuti dziko lisadalire gwero limodzi.

Mfundo yachiwiriyi ife tinaiona ndi maso. Magetsi athu ambiri achokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la pa Kapichira, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Magetsi anali kuzimazima kwa miyezi yambiri, kufikira makinawo anakonzedwa mu 2023.

Njira ina ili ku Bondo, m'boma la Mulanje. Kumeneko bungwe la MEGA limapatutsa madzi a mtsinje wa Lichenya m'ngalande, ndipo madziwo potsika m'paipi azunguza makina aang'ono. Magetsi ake afika ku chipatala, ku sukulu ndi m'nyumba, ndipo mabanja amalipiriratu monga mwa matumba awo.

Komabe tisaiwale mbali inayo. Makina a ku Bondo sanagulidwe ndi ndalama za mudzi; bungwe la Practical Action ndi Boma la Scotland anali ena mwa othandiza. Wamalonda sangakokere waya ku mudzi wakutali kumene sadzapezako phindu. Nchifukwa chake Boma limatapa kandalama pa mtengo wa petulo ndi dizilo, kuti ntchito ya MAREP ifikitse magetsi m'misika ya kumidzi.

Tsono tiphunzirepo chiyani? Thandizo lili ngati mbewu yopatsidwa: kupalira ndi kusunga ina ya chaka chamawa nkwathu. Mutu umodzi susenza denga, choncho a m'kalabu sonkhani ndalama mukagulitsa fodya kapena mtedza, mugule sola ndi mpope pamodzi. Sungani thumba lapadera la zokonzera, chifukwa batire limatha. Inu okhala kumapiri musadule mitengo m'mbali mwa mitsinje, ndipo musalime mpaka m'mphepete mwa madzi, pakuti matope atseka makina ndipo mtsinje wouma supanga magetsi.

Musanagule kanthu, kaonaneni ndi Mlangizi wa m'dera lanu.