Nyimbo ndi kanema 'zaulere' pa kompyuta ya muofesi: amalipira ndani?

Kwa ogwira ntchito m'boma ambiri, kulowetsa flash disk ya nyimbo m'kompyuta ya muofesi nthawi ya nkhomaliro, kapena kutsitsa filimu pa intaneti ya kuntchito, ndi nkhani yaing'ono yosafunika n'kuitchula komwe. Palibe chimasweka, palibe chimasowa pa desiki, ndipo palibe tambala imatuluka m'thumba.

Komatu mbiri ya luso limeneli ikuonetsa kuti nyimbo, kanema ndi mapulogalamu zomwe timati n'zaulere zimakhala ndi ozilipira awiri. Woyamba ndi mwini luso yemwe sadyerera thukuta lake. Wachiwiri ndi ofesi yomwe kompyuta yake ikusunga makalata, malipoti ndi mayina a anthu. Kuti izi zimveke bwino, m'pofunika kuona kaye momwe nyimbo idachokera pa kaseti n'kusanduka fayilo.

Momwe nyimbo idapepukira

M'nthawi ya makaseti, kukopera nyimbo kudali ndi malire ake. Kaseti yojambulidwa kuchokera ku inzake inkamveka mofooka, ndipo ikajambulidwanso kachiwiri mawu ankayamba kusokosera. Wofuna nyimbo yomveka bwino ankakakamizika kugula yeniyeni.

Zinthu zidayamba kusintha m'chaka cha 1982 pomwe CD, yomwe idakonzedwa ndi makampani a Sony ndi Philips, idafika pamsika. Pa CD mawu amasandutsidwa manambala, ndipo manambala sasintha ngakhale atakoperedwa kangati. Choncho kope la 100 limamveka chimodzimodzi ndi loyamba. Vuto lidali kulemera kwake: mphindi imodzi ya nyimbo ya pa CD imadya malo okwana pafupifupi mamegabayiti 10, ndipo CD imodzi imadzaza ndi nyimbo za mphindi 80 zokha.

Akatswiri a bungwe la Fraunhofer mumzinda wa Erlangen ku Germany, mmodzi mwa iwo Karlheinz Brandenburg, ndiwo adatsogolera ntchito yopeputsa nyimbo. Iwo adatsamira pa mfundo yakuti khutu la munthu silimva mawu onse. Mawu otsika akamveka pamodzi ndi mawu amphamvu, monga kunong'ona pafupi ndi ng'oma, amabisika. Njira ya MP3 imataya mawu obisikawo n'kusunga okhawo amene khutu lingamve. Njirayi idasindikizidwa ngati muyezo wa dziko lonse mu 1993, ndipo mafayilo ake adayamba kudziwika ndi dzina loti mp3 mu 1995.

Zotsatira zake zidali zazikulu. Nyimbo ya mphindi zinayi yomwe inkadya mamegabayiti 40 idatsika kufika pa anayi okha. CD yomwe inkanyamula chimbale chimodzi idayamba kunyamula nyimbo zoposa 150. Ngakhale pa intaneti yodzera pa lamya ya m'nyumba, yomwe inkayenda pang'onopang'ono, nyimbo imodzi inkatha kutsika m'mphindi 10 kapena kuposerapo pang'ono.

Msika udasokonekera

Mu Juni 1999, mnyamata wina wa ku America, Shawn Fanning, pamodzi ndi mnzake Sean Parker, adatulutsa pulogalamu ya Napster. Pulogalamuyi inkalola munthu kutenga nyimbo mwachindunji m'kompyuta ya munthu wina yemwe sakumudziwa n'komwe, popanda kulipira. Makampani ojambula nyimbo komanso gulu loimba la Metallica adakasuma, ndipo Napster idatsekedwa mu Julayi 2001. Koma pofika nthawiyo n'kuti mapulogalamu ena monga Kazaa, LimeWire ndi BitTorrent atatulukira kale. LimeWire idapitiriza mpaka 2010 pomwe khoti la ku America lidailetsa.

Kampani ya Apple idasankha kupikisana ndi mchitidwewu m'malo mongoudandaula. Mu Okutobala 2001 idatulutsa iPod, kachipangizo kolowa m'thumba konyamula nyimbo 1,000, ndipo mu Epulo 2003 idatsegula sitolo ya pa intaneti ya iTunes momwe nyimbo imodzi inkagulidwa pa masenti 99. Izi zidaonetsa kuti anthu ambiri salephera kulipira ngati njira yogulira ili yosavuta.

Kanema adatsata mapazi omwewo. VCD idatuluka mu 1993, ndipo DVD, yomwe imasunga magigabayiti 4.7, idayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996. Posakhalitsa njira monga DivX zidapangitsa kuti filimu yathunthu ya pa DVD ikwane pa CD wamba. YouTube idayamba mu 2005, ndipo chaka chotsatira kampani ya Google idaigula pa mtengo wa madola 1.65 biliyoni.

Kuno kwathu

M'dziko muno, kusinthaku kudapeza msika wa nyimbo utakhazikika pa makaseti. Zimbale za oimba monga Paul Banda, Lucius Banda ndi Evison Matafale zinkafika kwa anthu kudzera mwa ogulitsa monga O.G. Issa ku Limbe komanso mavenda. Bungwe loteteza luso la anthu la Cosoma, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 potsatira lamulo la umwini wa luso la 1989, linkapereka tizizindikiro tomata pa makaseti ndi ma CD kuti wogula asiyanitse chenicheni ndi chakuba.

Koma fayilo ilibe pomata chizindikiro. Makompyuta atachuluka, m'misika ndi m'makwalala mudabuka malo amene ambiri amawatcha burning centre, komwe munthu amapita ndi memory card kapena flash disk n'kudzaziridwa nyimbo ndi mafilimu pa ndalama yochepa. Intaneti itatsika mtengo, nyimbo zidayamba kuyenda pa WhatsApp tsiku lomwelo zatuluka. Woimba yemwe walipira situdiyo, oimba zida ndi wojambula kanema amapeza kuti nyimbo yake ikumveka m'minibasi iliyonse, iye osaona ngakhale kwacha imodzi.

Lamulo latsopano la umwini wa luso la 2016 lidayesa kutseka mpata umenewu. Mwa zina, lidabweretsa msonkho pa zipangizo zosungira nyimbo ndi kanema, ndipo ndalama zake zimagawidwa kwa eni luso kudzera ku Cosoma. Cholinga cha msonkhowu ndi kupepesa eni luso pa kukopera komwe munthu amachita kuti amvere yekha. Msonkhowu si chilolezo chogulitsa, kugawa kapena kuulutsa ntchito ya wina. Wokonza msonkhano, chionetsero kapena mwambo wa ofesi ayenera kudziwa kuti kuimba nyimbo za ena pagulu kumafuna chilolezo chakechake.

Njira zomvera nyimbo movomerezeka nazo zidafika. Spotify, yomwe idayamba ku Sweden mu 2008, idatsegulira Amalawi mu 2021, ndipo oimba ambiri a m'dziko muno ali ndi masamba awoawo pa YouTube.

Mtengo womwe ofesi imalipira

Wolipira wachiwiri saonekera msanga. Amene amafalitsa mavayirasi a kompyuta adazindikira kalekale kuti munthu wofuna chaulere safunsa mafunso ambiri. Njira zawo zazikulu ndi zitatu.

Yoyamba ndi kubisa pulogalamu m'dzina la nyimbo. Windows ikangoikidwa kumene imabisa zilembo zomaliza za dzina la fayilo, motero fayilo yomwe dzina lake lenileni limathera ndi exe imatha kuoneka ngati nyimbo. Munthu akaitsegula, nyimbo simveka, koma pulogalamu yoononga imakhala italowa.

Yachiwiri imagwiritsa ntchito kanema. Filimu ya pa kompyuta imakhala yopanikizidwa, ndipo kuti ioneke pamafunika kapulogalamu koimasula kotchedwa codec. N'chifukwa chake nthawi zina mawu amamveka koma chithunzi osaoneka. Akuba amapezerapo mwayi: tsamba limauza munthu kuti atsitse kaye codec kapena pulogalamu yoonetsera kuti filimu iyambe, pomwe chomwe akutsitsacho ndi vayirasi.

Yachitatu ndi flash disk. Windows XP idali ndi chizolowezi chotsegula yokha zina zomwe zili m'chipangizo chikangolowetsedwa, ndipo vayirasi ya Conficker, yomwe idabuka mu 2008 n'kugwira makompyuta mamiliyoni, idagwiritsa ntchito njirayi pamodzi ndi netiweki. Kampani ya Microsoft idatseka khomo limeneli pa Windows XP ndi Vista mu Febuluwale 2011. Komabe mavayirasi ena amafalabe pobisa mafoda a munthu n'kusiya tizithunzi tonamizira. Munthu akadina pofuna lipoti lake, amadzutsa vayirasiyo. Flash disk yomwe m'mawa idali pa burning centre, masana n'kulowa m'kompyuta ya kalaliki wa malipiro, madzulo n'kupita kosindikizira, imakhala yanyamula matenda khomo ndi khomo.

Ngozi siichokera kwa akuba okha. Mu 2005 zidadziwika kuti ma CD ena a kampani ya Sony BMG ankaika mwachinsinsi pulogalamu yoletsa kukopera m'makompyuta a ogula, ndipo pulogalamuyo inkasiya mpata woti mavayirasi abisalemo. Kampaniyo idakakamizika kuchotsa ma CD amenewo pamsika. Phunziro lake n'lakuti chilichonse cholowa m'kompyuta ya ntchito chiyenera kukhala ndi chifukwa.

Mapulogalamu opanda chiphaso

Pulogalamu ya kompyuta siigulidwa ngati mpando. Chomwe ofesi imagula ndi chiphaso choigwiritsira ntchito, ndipo chiphasocho chimabwera ndi zokonza zomwe kampani imatumiza ikapeza pobooka. Pulogalamu yothyoledwa, yomwe mmisiri wa m'tauni amaika pa mtengo wozizira, nthawi zambiri imafuna kuti antivayirasi izimitsidwe kaye. Apa ndiye kuti mlonda wachotsedwa pachipata kuti mlendo wosadziwika alowe.

Pulogalamu yakale nayo ndi ngozi ngakhale ikhale yogula. Microsoft idasiya kukonza Windows XP mu Epulo 2014, Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo chithandizo chanthawi zonse cha Windows 10 chidatha mu Okutobala 2025. Kufunika kwa zokonzazi kudaoneka mu Meyi 2017 pomwe vayirasi ya WannaCry idamanga mafayilo m'makompyuta a m'mayiko pafupifupi 150 n'kumafuna dipo. Zipatala zambiri za boma ku Britain zidabweza odwala chifukwa cha vayirasiyi, chonsecho Microsoft idali itatulutsa kale chokonza chake mu Malichi chaka chomwecho. Omwe adavulala ndi omwe adali asanachiike.

Dziko lino nalo likudziwa kuwawa kwa kuima kwa makina a boma. Kumayambiriro kwa 2024 ntchito yosindikiza ziphaso zoyendera idaima kwa masabata angapo, ndipo mu Febuluwale chaka chomwecho Lazarus Chakwera, yemwe adali mtsogoleri wa dziko, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina a nthambi yoona zolowa ndi kutuluka adalowereredwa ndi anthu ofuna dipo. Nkhani imeneyi siikhudzana ndi nyimbo, koma idaonetsa kuti kompyuta ya boma ikaima, amavutika ndi wodwala wofuna kupita kunja, wophunzira komanso wamalonda.

Kusowa ndalama si chifukwa chokwanira choikira pulogalamu yakuba, poti alipo mapulogalamu omwe eni ake amawapereka mwaulere movomerezeka. VLC, yomwe idayamba ngati ntchito ya ophunzira a pa sukulu ya ukachenjede ya École Centrale Paris ku France, imaonetsa pafupifupi mtundu uliwonse wa kanema popanda kufuna codec yapadera. LibreOffice imalemba makalata ndi kuwerengetsa ndalama. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adayambitsa mu 2004, imatha kulowa m'malo mwa Windows. Chofunika ndi kuwatenga pa masamba a eni ake enieni, ndipo pa kompyuta ya boma, awaike ndi ogwira ntchito za makompyuta a muofesimo.

Udindo wa wogwira ntchito m'boma

Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo la zochitika pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta, lomwe mwa zina limaletsa kulowa m'makina a ena popanda chilolezo komanso kufalitsa mavayirasi. Mu 2024 kudabweranso lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, lomwe limapereka udindo kwa aliyense wosunga mbiri ya anthu kuti aisamale. Ofesi yosunga mayina a olandira mtukula pakhomo, malipiro a aphunzitsi kapena makalata a malo ili pansi pa udindo umenewu.

Zoyenera kuchita sizifuna bajeti yaikulu. Flash disk ya ntchito isiyane ndi ya nyimbo. Kompyuta ikonzedwe kuti izionetsa dzina lonse la fayilo. Zokonza za Windows ndi za antivayirasi ziloledwe kulowa m'malo mozikankhira mawa. Mafayilo ofunika akhale ndi kope lachiwiri losungidwa pa chipangizo chomwe sichikhala cholumikizidwa nthawi zonse, chifukwa vayirasi yofuna dipo imamanga chilichonse chomwe yachipeza. Mkulu wa nthambi adziwe makompyuta omwe akuyendabe ndi Windows yakale, ndipo pokonza bajeti aikemo ziphaso za mapulogalamu monga momwe amaikira mafuta a galimoto.

Kumvera nyimbo si mlandu, ndipo palibe akuletsa wogwira ntchito kusangalala ndi luso la oimba athu. Koma nyimboyo ichokere komwe mwini wake amapezako kangachepe, ndipo imvedwe pa foni ya mwini, osati pa kompyuta yomwe yasunga penshoni za anthu.