Chikanga Sichichoka ndi Chinkhupule

Ife a ku Chileka phokoso la ndege tinalizolowera. Imatha kudutsa pamwamba pa denga, mwana ali m'tulo, osatembenuka n'komwe. Chimene chinkandidzutsa ine chaka china chinali kaphokoso kakang'ono zedi: khwa, khwa, khwa, zikhadabo za mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu zikuyenda kuseri kwa mawondo. Kukacha, pansalu yofunda pamakhala timadontho ta magazi.

Zinayamba ali ndi miyezi inayi, m'masaya. Khungu linauma, kenaka linachita timatuza totuluka madzi. Atayamba kuyenda zinasamukira mopindika thupi: m'kati mwa zigongono, kuseri kwa mawondo, m'khosi. Mu Juni ndi Julayi, mwera ukamawomba, mwana ankatuwa ngati wagona paphulusa. Mu Okutobala, dzuwa likaswa mtengo monga limachitira kwathu kuno, thukuta linkalowa m'zilonda, iye n'kumangolira.

Aliyense anali ndi dzina lake la matendawa. Mayi woyandikana nafe nyumba anati ndi mphere, ndipo ana ake anasiya kubwera kudzasewera. Achemwali anga anati chipere. Nditatopa ndinabereka mwana, kukwera minibasi mpaka pa Kameza, kusinthira ina ya msewu wa Zalewa, kudutsa Lunzu, n'kukatsika pa Lirangwe kwa amayi anga.

Amayi anamutembenuza uku ndi uku, n'kupukusa mutu.

"Kodi mwanayu mumamusambitsa bwanji kwanuko? Ndi ziwengo izi, koma litsiro likuwonjezera. Tabwera nayeni kuno."

Anatenthetsa madzi, kutenga chinkhupule ndi sopo wa mtanda yemwe amachapira zovala, n'kumukhula mdzukulu wawo ndi chikondi chonse mpaka khungu lonse mbee. Atatha anandiwerengera zakudya zoti asadye: mazira, mlamba, nyama ya nkhumba, mtedza, mkaka. Usiku umenewo palibe anagona m'nyumbamo. Amayi sindiwaimba mlandu. Tonsefe tinakula tikudziwa kuti khungu likavuta, mankhwala ake oyamba ndi kukhula.

Amene anandimasula anali dokotala wina wa pachipatala chaching'ono. Asanalembe kalikonse anatambasula zala za mwana n'kuyang'ana pakati pake, anayang'ananso m'chiuno, kenaka anafunsa ngati pali wina m'nyumba mwathu amene akukanda. Ndinati ayi. Anafunsa ngati kubanja kwathu kapena kwa bambo ake kuli wodwala mphumu. Ndinati bambo akewo, chifuwa chimawabanika nyengo yozizira iliyonse.

"Mayi, ichi ndi chikanga, chimene m'mabuku athu timati eczema. Sichipatsirana. Ndipo chinkhupulecho mukachisiye lero lomwe."

Kusiyanitsa kwake n'kofunika, chifukwa matenda atatuwa ali ndi mankhwala osiyana. Mphere amayamba ndi kachilombo kakang'ono kamene kamaboola khungu n'kuikira mazira. Amakonda pakati pa zala, m'chiuno ndi kumaliseche, ndipo akalowa m'nyumba amagwira onse ogona mphasa imodzi. Chipere chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa nkhungu, chimajambula bwalo, ndipo m'mutu chimathothola tsitsi. Chikanga chilibe kachilombo kake. Vuto lili pa kapangidwe ka khungu lenilenilo, ndipo nthawi zambiri chimayenda m'magazi a banja limodzi ndi mphumu komanso chimfine cha fumbi.

Ndinachimvetsa bwino nditaganiza za mtsuko wa amayi umene unachita kamng'alu kosaoneka ndi maso. Madzi ankatha okha usiku, pansi pake n'kumasonkhana nyerere. Khungu la munthu wa chikanga lili choncho. Gawo lake lapamwamba, limene limayenera kumatana bwino ndi mafuta achilengedwe a m'thupi, limakhala ndi timipata. Madzi amathawa, khungu n'kuuma. Sopo, fumbi, utsi ndi thukuta zimalowa, thupi n'kuzitenga ngati adani, pamalopo n'kutupa ndi kuyabwa. Munthu akakanda, timipata tija timakula, kuyabwa n'kuwonjezeka. M'chaka cha 2006 akatswiri a pa yunivesite ya Dundee ku Scotland anapeza kuti azungu ambiri a chikanga amabadwa ndi vuto pa puloteni ina ya khungu yotchedwa filaggrin. Vuto la mtundu umenewo silipezekapezeka mwa anthu a ku Africa kuno, komabe chikanga chilipo chambiri, ndipo khungu lake limataya madzi chimodzimodzi.

Mabuku ambiri amati chikanga chimafiira. Pa khungu lathu lakuda kufiirako sikuoneka kawirikawiri. Pamalopo pamada kuposa pena ponse, kapena pamatuwa, kapena pamachita tinsungu tambirimbiri ngati khungu la nkhuku yosoledwa. Pokandidwa kwa miyezi pamakhakhala ngati khungwa la mtengo. Pakapola pamatsala banga loyera kapena lakuda, limene limatenga miyezi kuti lifanane ndi khungu lina. Mabanga amenewa si khate, ndipo si umboni woti matenda akupitirira.

Nditaganiza za mtsuko wong'aluka uja, zonse zimene tinkachita zinaoneka kuti n'zopotoka. Sopo wochapira anapangidwa kuti achotse mafuta pansalu, ndipo amachotsanso mafuta ochepa omwe atsala pakhungu la mwana. Sopo wonunkhira ndi uja amati wopha majeremusi sasiyana kwenikweni. Madzi otentha kwambiri amasungunula mafutawo. Chinkhupule chimamaliza ntchito.

Ndiye tinayamba kuchotsa zinthu m'malo mowonjezera. Kusamba kamodzi patsiku, madzi ofunda pang'ono, mphindi zisanu kapena khumi basi, ndi manja okha. Sopo timagwiritsa ntchito pang'ono m'khwapa, kumaliseche ndi kumapazi, kwina konse madzi okha. Pomupukuta sitikhula, timangogunditsa thaulo. Ndipo chachikulu pa zonse: asanaumiretu, mphindi zitatu zisanathe, timamudzoza mafuta thupi lonse, motsata mmene ubweya wagonera. Mafuta sathira madzi m'khungu, amangotsekera amene alimo kale. Kudzoza khungu louma gwa kuli ngati kuvundikira mphika wopanda kanthu.

Mafuta ake si achilendo. Vaseline woyera, wopanda fungo ndi mtundu, amene Robert Chesebrough analembetsa ku America mu 1872, mpaka lero ali m'gulu la mafuta odalirika kwambiri pa chikanga. Ku famase kumapezekanso emulsifying ointment, imene imatha kulowa m'malo mwa sopo posamba. Chimene chinandidabwitsa ndi kuchuluka kwake. Malangizo a madokotala a ku Britain amati mwana wa chikanga amafunika magalamu 250 kapena kupitirira pa sabata, kudzozedwa kawiri kapena katatu patsiku. Kambale kamene ine ndinkasunga miyezi iwiri kanayenera kutha masiku asanu ndi awiri. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndinamva kulemera kwa malangizo amenewa m'thumba langa. Ndipo walira mvula walira matope: mwana wonyezimira mafuta akangotuluka panja pa Chileka, fumbi lonse ndi lake.

Kusowa ndalama n'kumene kunandifunsitsa za mafuta a kukhitchini. Apa mpofunika kusankha. Mu 2013 ofufuza a ku Sheffield anayesa mafuta a mpendadzuwa ndi a olivi pakhungu la anthu kwa milungu inayi. A mpendadzuwa anasunga khungu bwino, pamene a olivi, okwera mtengo aja, analifooketsa. Ku Philippines, kafukufuku wa 2014 pa ana a chikanga anaonetsa kuti mafuta a kokonati osayengedwa amathandiza. Mafuta a mtedza okha ndimapewa kudzoza pakhungu losweka la mwana, chifukwa ku Britain anapeza kuti ana odzozedwa mafuta okhala ndi mtedza ankadwala kwambiri ziwengo za mtedzawo pambuyo pake. Palinso aqueous cream, yotchipa komanso yopezeka paliponse. Yambiri imakhala ndi mankhwala ochititsa thovu otchedwa sodium lauryl sulphate, amene amapyapyalitsa khungu akasiyidwa pathupi, ndipo boma la Britain linachenjeza za zimenezi mu 2013. Mafuta alionse atsopano ndimayamba ndapaka pa kamalo kamodzi pamkono, n'kudikira masiku awiri.

Mawu akuti "zachilengedwe" ndimawamva mosamala masiku ano. Anthu okoma mtima anandipatsa masamba a nimu oti ndiwiritse, alovera, madzi a mandimu, phulusa, ndipo wina anati tikatemere mphini. Chitedze nachonso n'chachilengedwe. Khungu la chikanga ndi khomo lotsegula. Chilichonse chowawa kapena chakuda chimene mwaikapo chimalowa. Mphini ndiye zimangotsegulira majeremusi njira ina.

Zovala nazonso zinatiphunzitsa. Juzi ya ubweya ya pakaunjika, imene ndinamugulira ndi mtima wonse kuti asazizidwe, ndi imene inkamuyabwitsa khosi. Tsopano chogunda khungu chimakhala cha thonje, juzi pamwamba. Chovala chilichonse chatsopano, cha pakaunjika kapena cha m'sitolo, chimayamba chachapidwa, ndipo zovala zake timatsukuluza kawiri. Zikhadabo timawenga sabata iliyonse. Usiku wotentha kansalu konyowa ndi madzi a mumtsuko kamaziziritsa poyabwa kuposa kumukalipira kuti asiye kukanda. Mwana wa chikanga amakanda ngakhale ali m'tulo tofa nato.

Pali ngozi imodzi imene sindinaiganizirepo mpaka nditauzidwa. Nsalu imene yamwa mafuta odzola imayaka msanga, ndipo kuchapa sikuchotseratu mafutawo. M'mayiko ena anthu afa nazo zimenezi. Kwathu kuno, kumene ana amawotha moto mu Juni, mbaula ili pakhomo, kandulo ili pambali pa mphasa, mwana wodzozedwa kwambiri asakhale pafupi ndi lawi.

Za zakudya tinakangana ndi amayi kwa nthawi yaitali. N'zoona kuti ana ena, makamaka aang'ono a chikanga chachikulu, amadana ndi dzira, mkaka wa ng'ombe kapena mtedza. Koma zikatero nthawi zambiri zimaoneka: akangodya, pasanathe maola awiri milomo imatupa, thupi limachita zidzolo, kapena amasanza, ndipo zimabwereza nthawi iliyonse akadya chinthucho. Zimenezo n'zopita nazo kuchipatala. Ana ambiri a chikanga alibe vuto ndi chakudya chilichonse. M'dziko limene kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kulanda mwana dzira, nsinjiro ndi nsomba nthawi imodzi n'kumuonjezera matenda achiwiri. Wanga anabwerera ku phala la nsinjiro, khungu silinasinthe kanthu, koma masaya anabwerera.

Pali masiku ena pamene mafuta okha sakwanira. Chikanga chikalusa, khungu litatupa, mwana osagona, mankhwala opaka a kuchipatala monga hydrocortisone wa 1 peresenti ndi amene amazimitsa motowo. Poyamba ndinkawaopa, nditamva kuti amawononga khungu. Dokotala uja anandionetsa muyeso: kufinya mankhwala kuchokera kunsonga ya chala cholozera cha munthu wamkulu mpaka pamzere woyamba, n'kokwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri. Kupaka podwala pokha, kwa masiku amene auzidwa, kenaka kusiya, mafuta odzola n'kumapitirira. Owononga khungu ndi timachubu togulitsidwa pamsika, tambiri ta mafuta oyeretsa khungu, tokhala ndi mankhwala amphamvu ngati betamethasone ndi clobetasol. Timaoneka ngati tachiza m'masiku atatu, koma tikapakidwa miyezi, makamaka kumaso kapena pa khanda, khungu limapyapyala, ndipo mukasiya chikanga chimabwerera ndi ukali.

Zilonda zikayamba kutuluka mafinya kapena kuchita nkhanambo zachikasu, thupi likatentha, kapena pakabuka timatuza tambiri tofanana, topweteka, tofalikira msanga, si nkhani ya mafuta ayi, n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo. Chikanga chokanika chimatumizidwa ku Gulupu, ku Queen Elizabeth, kumene kuli mbali yoona za khungu. Ndipo munthu wamkulu amene sanadwalepo chikanga ali mwana, akayamba kuyabwa thupi lonse mosalekeza, ndi bwino ayezetse magazi, chifukwa HIV nayo imayamba kudzionetsera pakhungu mwa anthu ambiri.

Nditakhala ndi pakati pa mwana wotsatira, ndinafuna kudziwa ngati kudzoza khanda kuyambira tsiku loyamba kungalepheretse chikanga. Madokotala ambiri ankayembekezera choncho. Koma kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa BEEP, pa makanda 1,394 a m'mabanja a matendawa, anatuluka mu 2020 n'kuonetsa kuti kudzoza tsiku lililonse sikunachepetse chiwerengero cha odwala. Choncho amene akukulonjezani mankhwala oti mwana asadzadwale konse chikanga akungofuna ndalama zanu. Chimene tingapewe ndi kulusa kwake, ndipo ana ambiri chimawachepera akamakula.

Wanga uja tsopano ali kusukulu. Miyezi yambiri simungadziwe kuti ali ndi vuto, koma mwera ukangoyamba, kuseri kwa mawondo kumayamba kutuwa, ndiye timadziwa kuti nthawi yodzoza katatu yafika. Tchuthi chapitachi ndinamusiya ku Lirangwe sabata ziwiri. Pokamutenga ndinapeza kambale ka Vaseline kali pawindo, katatsala pang'ono kutha, chinkhupule chili pamwamba pa mpanda wa bafa kumene mwana sangafikire. Amayi anaona kumene maso anga apita.

"Chimenecho n'cha mapazi anga," anatero. "Koma mlamba wokha musandikakamize, sindinamupatse."