Matenda a bipolar: mankhwala alipo, chovuta n'kuwazindikira msanga

Munthu akayamba kugona maola awiri okha koma n'kudzuka ali ndi mphamvu, kulankhula mosadukiza, kugulitsa katundu wa m'nyumba kuti atsegule bizinesi zitatu nthawi imodzi, achibale amati walodzedwa kapena wayamba chamba. Pakapita miyezi, yemweyo amadzitsekera m'chipinda, osasamba, osadya, n'kumanena kuti kuli bwino angofa. Zonsezi ndi matenda amodzi, a bipolar, ndipo bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse anali nawo. Ndikuona kuti chimene chikupweteketsa odwalawa kwambiri si kusowa kwa mankhwala atsopano, koma kuchedwa kuzindikira matendawa.

Chifukwa chake n'chomveka. Palibe amene amapita kuchipatala kukadandaula kuti mphamvu zamuchulukira, amapita atafookeratu. Dokotala akapanda kufunsa za miyezi ya m'mbuyo, amangoona munthu wovutika maganizo n'kumupatsa mankhwala a vuto lokhalo, amene kwa wodwala bipolar angathe kuutsa kutakataka kosalamulirika kuja. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana amasonyeza kuti pamapita zaka zingapo, nthawi zambiri zoposa 5, munthu asanauzidwe chenicheni chimene akudwala. M'zaka zimenezo banja limatha, ntchito imatha, ndipo ena amadzipha.

Wina anganene kuti sayansi ithetsa posachedwa vutoli. Zoona, kafukufuku wapita patali. Mu 2021 akatswiri a Psychiatric Genomics Consortium anapeza malo 64 mu DNA okhudzana ndi matendawa, ndipo mu 2025 chiwerengerocho chinafika 298. Zimenezi zikutsimikizira kuti matendawa amayenda m'magazi a ku mtundu, si chilango kapena ulesi. Koma malo aliwonse amangowonjezera chiopsezo pang'ono chabe, moti mpaka lero palibe njira yoyezera magazi n'kuuza munthu kuti ali ndi bipolar. Komanso ambiri mwa amene anayezedwa ndi ochokera kwa makolo a ku Ulaya, n'chifukwa chake kafukufuku wa NeuroGAP, wochitikira ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi South Africa, ali wofunika kwa ife.

Pakadali pano mankhwala odalirika kwambiri ndi akalekale. Mankhwala a lithium anawayesa pa odwala John Cade wa ku Australia n'kufalitsa zotsatira zake mu 1949, ndipo Mogens Schou wa ku Denmark anatsimikizira kuti amagwiradi ntchito. Amaletsa matendawa kubwerera, ndiponso amachepetsa chiopsezo chodzipha. Otsutsa amati ndi oopsa, ndipo sakunama: akachuluka m'thupi amakhala poizoni, ndipo pakapita nthawi angawononge impso ndi chithokomiro. Komatu yankho lake ndi kuyeza magazi pafupipafupi, osati kuwasiya, pakuti valproate, amene ambiri amathawirako, amatha kulumaza mwana ali m'mimba. Kuno kwathu, kumene chithandizo chakuya cha matenda a maganizo chimapezeka makamaka ku chipatala cha Zomba ndi cha St John of God, ndalama zikalowa pa zipangizo zoyezera lithium m'zipatala za maboma zingapulumutse anthu ambiri. Ndipo namwino aliyense wolandira munthu wovutika maganizo azifunsa wodwalayo pamodzi ndi womuperekeza ngati anakhalapo masiku angapo osagona koma osatopa.