Chingwe cha m'mbali mwa mseu si mkuwa: tichisamale

FINGOÈ — Kale, munthu wa ku Maravia akafuna kutumiza uthenga wa maliro ku Tete kapena ku Zumbo, ankatuma mnyamata panjinga kapena kudikira galimoto. Lero uthenga womwewo umafika madzi asanawire pamoto. Ambiri amayamika nsanja ya foni, koma pali chinanso chimene chimagwira ntchito mwakachetechete: chingwe cha fiber.

Chingwechi ndi cha galasi. M'kati mwake muli timaulusi tating'ono ngati tsitsi, ndipo mawu, zithunzi ndi mauthenga a ndalama zimayendamo ngati kuwala. Mu 2009 chingwe cha pansi pa nyanja cha SEACOM chinafika ku Maputo. Mu 2012 kampani ya Movitel, yomwe mwini wake wamkulu ndi Viettel ya ku Vietnam, inayamba ntchito itayala kale makilomita oposa 12,000 a chingwe m'dziko muno, chambiri chili pamitengo. Ndipamene foni ndi intaneti zinayamba kufalikira m'maboma akumidzi.

Chingwe chimatsata mseu kuti amisiri azichifikira msanga chikaduka. Tsono amene amayenda mseu wochokera ku Bene kudzera ku Fingoè mpaka ku Zumbo akudziwa mmene umavutira m'dzinja. Mseu ukaipa, okonzanso amachedwa.

Adani a chingwechi ndi atatu. Woyamba ndi moto wolusa wa m'chilimwe, wa osaka mbewa ndi otentha tchire, umene umanyeketsa mitengo. Wachiwiri ndi khasu ndi piki, pamene chingwe chinakwiriridwa pansi. Wachitatu ndi mbala imene imadula poganiza kuti ipezamo mkuwa wogulitsa. Simuli mkuwa m'menemo. Wodulayo sapindula kanthu, koma midzi yambiri imakhala duu.

Nanga amavutika ndani? Ndi mayi wodikira ndalama pa e-Mola kuchokera kwa mwana wake. Ndi namwino wofuna kuitanitsa ambulansi usiku. Ndi mlimi amene akanafunsa mtengo wa chimanga ku Tete asanagulitse kwa ogula a kumalire a Zambia.

Choncho mafumu ndi anyakwawa, kumbutsani anthu anu: lambulani udzu kuzungulira mitengo moto usanafike, funsani musanakumbe m'mbali mwa mseu, ndipo mukaona chingwe chagwa, musachidule kuti mumangire nkhuni. Kauzeni aboma.