Ciongolero Cikanjenjemera Poponda Mabuleki

Munthu amene anayendapo pa mseu waukulu wa Great East, wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata, adziwa bwino mitsetse ndi makhotamakhota otsikira ku mlatho wa Luangwa, umene unatsegulidwa m'caka ca 1968. Pamalo otere ndi pamene oyendetsa ambiri azindikira kuti galimoto yao ili ndi nthenda. Akangoponda mabuleki, ciongolero ciyamba kunjenjemera m'manja monga munthu wogwidwa malungo, ndipo akacotsa phazi kunjenjemerako kuleka.

Mabanja ambiri a m'midzi agula galimoto ndi ndalama za cimanga, nshawa, thonje ndi soya. Galimoto yomweyo ndiyo inyamula matumba kupita kumsika, ndiyonso ithamangira ku cipatala usiku ndi mai wapakati. Tsono nkwabwino kuti mwini wace adziwe gwero la bvutoli asanapite ku galaji, cifukwa ena ataya ndalama pogula matayala atsopano pamene matayalawo analibe mlandu.

Coyamba ndi kuzindikira nthawi imene kunjenjemerako kubwera. Ngati ciongolero cigwedezeka galimoto ikathamanga, phazi lisanakhudze buleki, kawirikawiri bvuto lili ku mawilo. Kapena matope aumira mkati mwa wilo, kapena limu inapindika pa dzenje, kapena tayala latupa. Koma ngati cigwedezeka pokhapokha buleki itapondedwa, maso ayenera kulunjika ku madisiki a kutsogolo.

Disiki ndi citsulo cobulungira ngati mbale cimene cizungulira pamodzi ndi wilo. Woyendetsa akaponda buleki, mapadi awiri apana disikiyo uku ndi uku, ndipo galimoto iima. Disiki ikakhala yocindikala pena ndi yopyapyala pena, mapadi agwira ndi kutaya, kugwira ndi kutaya, nthawi iriyonse wilo likazungulira. Kugwedezako kudzera m'zitsulo zokhotetsera mawilo mpaka kufika m'manja mwa woyendetsa. Kusiyana kwace nkocepa kwambiri, mwina kosaposa kucindikala kwa tsitsi limodzi, kotero kuti diso silingakuone. Makaniko wodziwa nchito apima disiki ndi cipangizo asananene kanthu.

Cimene cimaononga madisiki koposa ndi kutentha. Woyendetsa amene atsika mtsetse wautali ndi katundu wolemera, phazi liri pa buleki njira yonse, atenthetsa madisiki mpaka asanduka obiriwira. Akaima pansi pa phiri napitiriza kupana buleki mwamphamvu, mapadi asiya zotsalira zace pamalo amodzi pa disiki yotenthayo, ndipo nthenda iyambira pomwepo. Mwambo woipa wotsika phiri galimoto itacotsedwa m'giya pofuna kusunga mafuta ndiwo ufulumizitsa zimenezi. Giya yaing'ono ithandiza injini kugwira galimoto, mabuleki napumula.

Palinso zifukwa zina zimene anthu sazisamala. Dzimbiri kapena dothi likatsala pamene disiki ikhalira, disikiyo ikhala mopendekeka ngakhale iri yatsopano. Manati a wilo akamangidwa mosalingana, ena molimba kwambiri ena mofooka, disiki ipendekekanso. Manati ayenera kumangidwa modumphitsa, limodzi kuno lina tsidya, osati motsatana. Anyamata amene amaponda sipanala ndi thupi lonse aganiza kuti akuthandiza, koma aononga.

Zina mwini galimoto angathe kuziyesa yekha pakhomo. Atayenda kamtunda pang'ono pamalo osalala, ayandikize dzanja ku wilo lirilonse popanda kukhudza citsulo. Wilo limodzi likatentha kuposa linzace, ndiye kuti mapadi a mbali imeneyo sakubwerera, angokhula disiki nthawi zonse. Kenaka aimike galimoto pamalo olimba, atsekere mawilo ndi miyala, akweze kutsogolo ndi jeki, koma asalowe pansi pace. Agwire tayala kumanja ndi kumanzere naligwedeze. Likagogoda, mfundo za zitsulo zokhotetsera zatha. Aligwirenso pamwamba ndi pansi. Likagwedera, bvuto liri ku beringi kapena ku mfundo imene inyamula wilo. Zitsulo zakutha zimenezi zikulitsa kunjenjemera kumene kukanakhala kocepa.

Ngati kugwedezeka kumveka pa mpando ndi pa phazi koma ciongolero ciri phee, ayang'ane mabuleki a kumbuyo, amene m'galimoto zambiri ndi a madilamu. Galimoto zambiri zocokera ku Japan ziri ndi mabuleki a ABS. Zimenezi zikaimitsidwa mwadzidzidzi pa mcenga kapena pa matope, buleki igunda pansi pa phazi. Imeneyo si nthenda, ndipo woyendetsa asacotse phazi.

Pa za mankhwala ace, disiki ingathe kupalidwa pa makina kuti isalale, koma kupala kuli ndi malire. Pa disiki pamalembedwa muyeso wocepetsetsa wa kucindikala kwace, ndipo yopyapyala kuposa pamenepo itentha msanga ndiponso ingang'ambike. Madisiki asinthidwa awiri nthawi imodzi, kumanja ndi kumanzere, pamodzi ndi mapadi atsopano. Wosintha mbali imodzi yokha adzaona galimoto ikukokera kumbali poima. Mafuta a mabuleki nawonso amamwa cinyontho pang'onopang'ono, ndipo akakalamba awira msanga pa mtsetse, buleki nkulowa pansi popanda kugwira. Opanga galimoto ambiri alangiza kuwasintha zaka ziwiri zirizonse.

Bungwe la RTSA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la pamseu la 2002, liyesa mabuleki lisanapereke ciphaso cakuti galimoto iri bwino. Koma tsiku loyesa lisanabwerenso papita miyezi yambiri, ndipo m'nyengo yogulitsa mbeu galimoto yodzaza matumba ingatsike mitsetse ya ku Luangwa kangapo pa mwezi umodzi.