Injini Ikakhala M'mwamba, Pansi Pake Pasakhale Munthu

Amayi, mwina mukudabwa kuti nkhani ya mathirakitala yalowa bwanji m'kabuku ka zaumoyo. M'sewero lomwe tinamva pa wailesi, mwana anathyoka mwendo pamene bambo ake ankatsitsa injini pabwalo. Ntchito yotereyi imachitika pa boma pa Mzimba, pa Jenda, ku Embangweni ngakhalenso m'midzi. Kawirikawiri imachitikira pansi pa mtengo kapena pachigayo, pomwe ana amasewera. Choncho nkhaniyi ndi yanunso.

Kodi injini imalemera bwanji?

Injini ya thirakitala yaing'ono imalemera pafupifupi makilogalamu 200, ngati matumba anayi a chimanga. Zina zimaposa pamenepa. Amuna asayerekeze kuinyamula ndi manja kapena ndi mapolo. Mmodzi akaterereka, katundu yense amatsamira anzake, ndipo ena amavulala msana moyo wawo wonse. Mayi woyembekezera asathandize ntchitoyi m'pang'ono pomwe.

Njira yabwino ndi yotani?

Amakaniko amagwiritsa ntchito tcheni buloko, chipangizo chokwezera katundu chokhala ndi tcheni ndi mbedza. Asanayambe aonetsetse izi:

1. Awerenge nambala yolembedwa pa chipangizocho. Tani imodzi ndi makilogalamu 1,000. Nambalayo ipose kulemera kwa injini.

2. Pokoleka pakhale polimba. Nthambi ya mango kapena phaso la nyumba lodyedwa ndi chiswe limathyoka mosachenjeza. Mtanda wachitsulo kapena miyendo itatu yachitsulo yoima pamalo osalala ndiyo yoyenera.

3. Tcheni ikhale yopanda dzimbiri, yosang'aluka ndi yosatamuka. Tcheni yolumikiza ndi waya, msomali kapena mfundo ndi msampha. Chingwe chomangira ng'ombe si chokwezera injini.

4. Tcheni ikoledwe m'malo okolera omwe ali pa injiniyo. Mbali ziwiri za tcheni zikatangadza kwambiri, iliyonse imakokedwa mwamphamvu kuposa ikakhala pafupi kuima chilili.

5. Mathirakitala ambiri, injini ndiyo imagwirizanitsa kutsogolo ndi kumbuyo. Ikachoka, thirakitala imagawika pawiri. Aike miyala ku mateyala ndipo achirikize mbali zonse ndi zipika zolimba. Jeke payekha sakwanira.

6. Akweze pang'ono kaye, kutalika kwa chikhatho, n'kuima kuti aone ngati injini yapendekeka. Munthu mmodzi yekha ndiye alamule.

Udindo wanu ndi wotani?

Chotsani ana onse, ndipo wamkulu mmodzi aziwayang'anira mpaka injini itatera. Inunso musayandikire muli ndi mwana kumbuyo, ngakhale mwabweretsa chakudya. Munthu asaike mutu, dzanja kapena phazi pansi pa katundu wolendewera. Injini isagone m'mwamba usiku wonse. Mukaona kuti amene akugwira ntchitoyo alawa mowa, lankhulani mwaulemu koma mosabisa: "Bambo, ntchitoyi idikire mawa."

Samalaninso ndi dizilo ndi oilo wokhetsedwa mu injini. Musazisunge m'mabotolo a zakumwa. Mwana akamwa, musamusanzitse, chifukwa mafutawo angalowe m'mapapo. Thamangirani naye kuchipatala.

Ngozi ikachitika

Itanani anthu, mumuchotsere katunduyo msanga koma mosamala kuti wina asapsinjidwenso. Ngati magazi akutuluka, tsindirani pabalapo ndi nsalu yoyera osalekeza. Musathirepo dothi, oilo kapena madzi a m'batire. Mukaganiza kuti wavulala khosi kapena msana, musamukhazike tsonga. Mugonekeni pa chitseko kapena thabwa, mutu usagwedezeke. Musamupatse chakudya kapena chakumwa, popeza mwina adzafunika opaleshoni.

Pitani naye kuchipatala chomwe muli nacho pafupi. Ovulala kwambiri amathandizidwa pa chipatala cha boma cha Mzimba kapena cha mishoni cha Embangweni, ndipo ena amatumizidwa ku Mzuzu. Mupite ndithu ngakhale wovulalayo akunena kuti ali bwino. Magazi angathe kumatayikira m'kati. Mkodzo wofiirira ngati tiyi ndi chizindikiro chakuti impso zili pangozi. Funsaninso za katemera wa kafumbata.

Mafunso okambirana

Kodi kwanu injini za zigayo ndi mathirakitala amazikonzera kuti? Ana amakhala ali kuti nthawi imeneyo? Nanga munthu atavulala lero, galimoto yopita naye kuchipatala mungaipeze kwa yani? Kambiranani ndi amuna anu ndiponso a mfumu ngozi isanagwe.